Ngalande za Anganga Namakhwa

Ndikakumbukira anganga Namakhwa, ndimamva fungo la dothi lofiira lonyowa ndi la chiguduli chimene ankafunda kumsana, chonunkha utsi wa nkhuni za bulugama, ndipo m'makutu mwanga mumalira fosholo yawo ikupala simenti mvula itangokata. Bambo wokalambayu sanali agogo anga enieni. Tinkangokhala nawo pa nyumba za lendi kumtunda kwa Luchenza, mdadada umodzi womangidwa m'munsi mwa munda wa tiyi, pamene madzi onse ochokera kumtunda ankadzathera.

Moyo wawo wonse anagwira ntchito ku esiteti, kukumba ngalande pakati pa minda ya tiyi. Atakalamba anawapumitsa, m'nyumba ya kampani n'kulowa wina. Munda analibe, ana onse anatsogola. Mwini nyumba zathu, bambo wina wogwira ntchito ku Limbe, anawapatsa kachipinda ka kuseri kuti azigonamo ulere, bola azichotsa matope mvula ikawononga. Kachipindako ankaopa kukataya kuposa mmene ankaopera imfa.

Anali ndi khalidwe limene tonse tinkaliseka. Akamaliza ntchito sankalowa m'nyumba. Ankatsuka fosholo n'kuima nayo pambali pa ngalande, kudikira woti adzaone. Ku esiteti anazolowera choncho: kapitawo asanadutse ntchito sinathe, ndipo wochoka msanga ankamutenga ngati sanabwere n'komwe. Amayi anga akafuna kuwalowetsa, ankatuluka manja ali kumbuyo ngati kapitawo, n'kunena kuti, "Ndaona, anganga, werukani." Iwo ankaseka ndi timano tawo totsala, n'kupita kukawotha moto.

Chaka china kunagwa mvula ya matalala imene sindinaionenso. Masamba a tiyi anayoyoka, matalala anaunjikana m'makonde ngati mchere wa pamsika, ndipo pambuyo pake matope anatsika n'kulowa m'nyumba zonse, kufika m'akakolo. Anthu a lendi anakwiya, wina n'kuimbira foni mwini nyumba. Yankho linali loti abwera okha Loweruka kudzaona. Pamdadada panayamba mphekesera yoti mwini nyumbayo akufuna mnyamata wamphamvu woti alowe m'malo mwa anganga.

Mphekeserayo anganga inawafika. Anali akutsokomola kale, koma anayambira khomo la kumapeto, kukokolola matope, kutsegula ngalande, kututa masamba ndi wilibala ya tayala lokhota, khomo ndi khomo, chipinda chawo chokha n'kuchisiya ndi matope ake. Loweruka m'mawa anatsuka fosholo n'kukaima m'mbali mwa msewu, kukuwaza kamvula kozizira.

Amayi anatuluka manja ali kumbuyo. "Ndaona, anganga, werukani."

Tsiku limenelo sanaseke. "Iyayi mama, lero si inu. Bwana akandipeza ndili m'nyumba aziti madala aja atopa. Ndiye ine ndikagona kuti?"

Amayi anawapititsira tiyi pomwepo, anamwa ataimirira. Kabaza aliyense akamakwera chitunda, iwo ankawongola msana n'kugwira bwino fosholo. Anaima mpaka madzulo. Lamulungu anaimanso, osapita ndi kutchalitchi komwe. Bwana sanabwere. Chinabwera ndi chibayo, ndipo ku chipatala kumene abambo anga anathamangira nawo, anganga sanabwereko ndi moyo.

Mwini nyumba anafika maliro atatha. Anayendera ngalande zonse akugwedeza mutu. "Koma madala aja ankaidziwa ntchito," anatero. Amayi atamufotokozera mmene anganga anaimira pamvula, bamboyo anagwira pakamwa.

"Ankadikira ine? Ine ndinangonena zija kuti anthu asiye kundivutitsa pafoni. Munthu wamkulu ngati uja ndikanamuchotsa bwanji?"

"Mukanawauza ali moyo," anatero amayi. Aka kanali koyamba kuwamva akukwezera mawu munthu wamkulu.

Mpaka lero nkhaniyi imandiwawa, ndipo chimene chimandipsetsa mtima kwambiri n'chakuti bamboyo sanali woipa. Akanakhala wankhanza bwenzi ndikudziwa woti ndimude. Iye anangoiwala basi.

Panopa ndili ndi ana anga, ndipo nawo ali ndi chimene amandiseka nacho. Munthu akandigwirira ntchito pakhomo, kaya kutchetcha kaya kutsegula ngalande, ndimasiya chilichonse, ngakhale chakudya chizizire, n'kutuluka kukaona asanatsuke n'komwe khasu lake. Ndimayenda mpaka kumapeto, n'kunena kuti, "Ndaona, werukani." Anawo amati ndimakuwa kwambiri, munthu ali pafupi pomwepo. Sadziwa kuti amene ndikufuna amve ali kutali.