Thaulo la Mzamba wa ku Mchinji

Matildah Chikaonda anagwira uzamba zaka khumi ndi zinayi ku Mchinji, koma atafika ku Dubai mapepala ake anawakana. Anakhala chaka akungosinthana bedi ndi anzake m'kachipinda ka ku Bur Dubai, mpaka ofufuza nsomba za m'nyanja yamchere anamva kuti mayiyu amasoka chilonda mwaluso. Basi, anamutenga.

Nsomba zake ndi zimene Aarabu amati lukhma, zaphwatalala ngati lichero, mchira wautali wokhala ndi munga waululu. Siziikira mazira, zimabereka ana amoyo. Ndipo zikutha, chifukwa pomwe zinkaberekera anthu anathirapo mchenga n'kumangapo mahotela. Akaikola mu ukonde amaigadamitsa m'beseni la madzi, iyo zii ngati yakomoka. Matildah amacheka pamimba pang'ono, kulowetsa tagi, kachipangizo kouza ofufuza komwe nsombayo ikuyenda, kusoka, n'kuibweza m'nyanja. Lamulo linali limodzi: chilichonse chokhudza nsombayo chikhale chonyowa, ngakhale manja, poti mamina a pakhungu pake ndiwo chovala chake.

Miyezi isanu yathunthu ankangokola zamphongo. Kodi mtundu ungapulumuke ndi amuna okhaokha? Ndiye m'mawa wina mu Ogasiti, dzuwa likuswa mtengo, anakola yaikazi yaikulu. Matildah atangoisisita pamimba anadziwa.

"Ili ndi pakati iyi," anauza Noel, woyendetsa boti wa ku Chipata.

Mkulu wa kafukufuku anali m'madzi akumasula ukonde. Noel anagwira mchira ndi manja awiri kuti munga usabaye munthu. Poigadamitsa, nsomba ija inachita mantha, ndipo mantha anaibweretsera matenda nthawi isanakwane. Tiana titatu, topindika ngati chapati, tinapululukira pansi pa boti.

Apa mutu wa Matildah unatsalira, manja anatsogola. Zaka khumi ndi zinayi! Mwana akabadwa umamupukuta aume, umamufunda, umamusisita kumsana mpaka alire. Anatsomphola thaulo lopukutira thukuta paphewa pake, natola tiana tija, napukuta, nakulunga, nakumbatira pachifuwa.

"Ba sister, mu manzi! Ikani mu manzi!" anakuwa Noel, koma mchira sakanausiya. "Yalla, fulumirani, ba sister!"

Matildah sanamve kanthu. Iye anali ku Mchinji, mu wodi ya amayi, akusisita tinsana tija n'kumanong'ona kuti lira mwana, lira. Ha, nsomba n'kulira?

Pomwe mkulu uja ankakwera m'boti n'kumulanda thaulo, tiana tinali titauma gwa, khungu litasupuka. Anatiika m'beseni, timapiko osagwedera n'komwe. Noel anatitembenuza kamodzikamodzi. Tonse titatu tinali tatikazi.

Matildah anacheka, analowetsa tagi, n'kusoka mayi wa tiana tija misozi ili chuchuchu, ndipo anasoka bwino, nsomba inapita yamoyo. Mkuluyo sanamukalipire. Anati ana obadwa masiku osakwana kawirikawiri amafa ndithu, khalas, zatha, aiwale. Zimenezo zinamupweteka kuposa kutukwanidwa, chifukwa mawu omwewo iye ankawauza amayi ku Mchinji, ndipo ankadziwa nthawi imene anali oona ndi imene anali ongotonthoza.

Ntchito sanamuchotse. Chikolereni yaikazi ija papita zaka ziwiri, ina sinakodwenso. Matildah amakwerabe boti m'mawa uliwonse, koma thaulo satenga. Thukuta limatsika n'kumulowa m'maso, limawawa, iye osapukuta.