Chumuni cha Amalume

Mwana wanga woyamba anali wofatsa kwambiri m'chisanu chake choyamba, ndipo aliyense ankandiyamikira chifukwa cha kufatsako. Mpaka lero ndikakumbukira kuyamikira kumeneko mtima umandiwira.

Tinkakhala ku Etobicoke, m'mbali mwa mzinda wa Toronto, m'zaka za m'ma 1970, m'kanyumba kanjerwa kakale, kufupi ndi bwalo la ndege moti ndege ikamatera makapu ankalira m'kabati. Nyumbayo inali ya amalume. Sanali amalume a magazi ayi. Anali bambo wachikulire wa kwathu amene anafika ku Canada ife tisanalote n'komwe, ndipo Amalawi tonse, ochepa amene tinalipo, tinkawatchula choncho. Ndiwo anatichingamira titatsika ndege, ndiwo anatipatsa zikhoti zoyamba, ndiwo ankatsogolera mapemphero athu. Eni akewo ankakhala ku Oakville, m'nyumba ya kapeti yoti ukaponda phazi limamira. Zabwino zawo sindikuzikana. Koma zabwino zomwezo ndi zimene zinatitseka pakamwa.

Pansi pa nyumba, kubesimenti, kunali fanesi, ching'anjo choyaka ndi mafuta chimene chinkatenthetsa zipinda zonse. Utsi wake unkayenera kukwera m'chumuni n'kutulukira padenga. Chisanu chitangoyamba kunabwera mzungu wokonza mafanesi kudzaipukuta. Atatsegula kachitseko kachitsulo ka patsinde pa chumuni, munagwa mwaye ndi zibenthu zonga mapale a mphika. Anandiuza kuti mkati mwa chumuni mumakhala mapaipi adothi, ndipo athuwo anali ataphwanyika ndi ukalamba. Zibenthu zinali kutseka njira, moti mpweya woipa ukhoza kubwerera m'nyumba. Mpweyawo suoneka, sununkhanso. Chofunika chinali kulowetsamo paipi yachitsulo kuchokera padenga mpaka pansi, koma ntchito yotero sakanaiyamba popanda mawu a mwini nyumba.

Madzulo ndinawafotokozera amuna anga. Iwo ankagwira ukalaliki kumalo osungirako katundu ku Mississauga, munthu wabwino, wodekha, koma akaona akuluakulu ankasungunuka ngati majarini.

"Nkhani yotere sitinena pafoni, mayi a mwana," anatero. "Ndipita ndekha Loweruka."

Anapitadi, atavala tayi, pa sitima. Anabwerako atakhuta, atanyamula maapozi ndi moni wambirimbiri. Za chumuni? Mpata sunapezeke, kunali alendo. Loweruka lina anapitanso, ndipo ulendo uno anabwera akumwetulira, ati nkhani ija aikhudzako. Nditawapanikiza ndinamva kaikhudzidwe kake. Anawauza amalume kuti nyumba yawo ndi yofunda bwino, tikuthokoza kwambiri, kungoti nyumba zakale zimafuna kuziyang'anira. Amalume anavomereza kuti n'zoona, nyumba zakale zimafunadi kuziyang'anira, kenaka anatseka ndi pemphero.

Kwathu timatero. Munthu amene wakuchitira chifundo sumuuza pamaso kuti chinthu chake chawonongeka. Umazungulira, umazunguliranso, n'kumayembekeza kuti amva yekha. Kwathu kuzungulirako sikupha munthu, chifukwa nyumba zathu zili ndi mipata ndipo mphepo imadzilowera. Koma ife tinali titamata mazenera onse ndi mapulasitiki, pansi pa zitseko titatsekapo ndi nsanza, poopa kuzizira.

Chaka chitatembenuka kunazizira zenizeni, fanesi n'kumayaka osapuma. Mutu unayamba kundiwawa, mseru, miyendo kulemera. Amuna anganso ankadzuka m'mawa atagwira pachipumi. Anatsitsa sutikesi, n'kutulutsa mapiritsi a malungo amene tinabwera nawo kuchokera kumudzi.

"Malungo mu Januwale, ku Toronto?" ndinawafunsa. "Udzudzu wake ndi wovala chikhoti?"

"Amabisala m'magazi, amadzuka okha," anatero. Tinamwa tonse, poti Mmalawi mutu ukamuwawa saganiza china.

Chimene chinandiopsa ndi mwana. Anali ndi miyezi yochepa, ine ndili naye pakhomo, nditasiya kaye ntchito yanga yosamalira okalamba. Anayamba kugona mopitirira. Bere ankangoligwira pang'ono n'kulisiya. Kulira anasiya. Tsiku lina ndinamubereka kupita kukagula zinthu, ndipo tili m'basi anatsegula maso, n'kuyamba kulira ndi kusakasaka bere mwaukali. Inenso mutu unali utayera. Titabwerera kunyumba, dzuwa lisanalowe, anali atafookanso. Malungo amtundu wanji amene amatsala pakhomo iwe ukakwera basi?

Sindinadikire munthu. Ndinaimba foni ku Oakville ndekha. Anayankha akazi awo a amalume, amene tonse tinkawatchula kuti amayi.

"Nkhani za nyumba amakambirana abambo, mwana wanga," anatero.

"Pepani amayi, koma ndikufuna amalume amve okha."

Atabwera pafoni ndinanena zonse, mosazungulira: zibenthu, mpweya, paipi yachitsulo, mwana. Anandimvetsera mpaka kumapeto, kenaka anaseka pang'ono.

"Azungu awa ukamawamvera adzakugwetsera nyumba yonse kuti apeze ntchito. Chumuni chimenecho chinalipo inu musanabadwe. Tidzachichekinga chisanu chikatha. Kodi bambo akudziwa kuti mwafona?"

Bambo anadziwa tsiku lomwelo, ndipo anakhala masiku osandiyang'ana kumaso. Ati ndawavula pagulu. Ine ndinang'amba pulasitiki ya zenera la kuchipinda n'kumalisiya lotsegula pang'ono. Iwo akafika ankalitseka, ati mwana adwala chibayo. Usana ndinkakhala naye m'masitolo akuluakulu, kuzungulira osagula kanthu, mpaka alonda anandizolowera. Kothawira kunalibe. Nyumba iliyonse ya Mmalawi imene ndikanagogoda inali ya munthu amene analandiranso chikhoti kwa amalume.

Mbiri inamveka kuti banja lathu lagwa ndi malungo, ndipo Lamulungu masana anthu anabwera kudzatizonda. Pa zimenezo Amalawi sitilephera. Anabwera a ku Mississauga, anabwera anzathu a ku Zambia amene tinkapemphera nawo, anabwera amalume ndi amayi. Zikhoti zinaunjikana pabedi, anthu anadzaza pabalaza mpaka ena kukhala pamasitepe. Kunja kunali chimphepo cholasa m'mafupa. Amayi atalowa kuchipinda kukasiya chikhoti anaona zenera langa.

"Kodi mukufuna kupha mwana?" anatero, n'kulitseka, n'kutsekeraponso ndi thaulo.

Anamutenga mwanayo n'kukhala naye pamiyendo. Anamuonetsa kwa azimayi anzawo. "Taonani kufatsa. Ana a masiku ano amasokosa, koma uyu ndi mngelo. Mwalera bwino." Azimayi onse anavomereza. Ine ndinali nditaima pakhomo la khichini ndi thireyi ya makapu, ndikuyang'ana dzanja la mwana wanga lili lendee.

Tinayamba nyimbo. Yoyamba inayenda bwino. Yachiwiri inayamba kukoka, anthu akuyasamula pakati pa mavesi. Bambo wina wa ku Zambia anavula magalasi n'kumatikita maso. Amalume ali mkati molalikira za kupirira, amayi anandipatsira mwana, ati iwo akamweko madzi. Anayenda mpaka pakhomo la khichini, anagwira khoma, n'kugwa chagada.

Pakati pa alendo panali mayi wina wa ku Zambia, namwino. Ndinamugwira mkono n'kumuuza mawu awiri okha: chumuni, mpweya. Anayang'ana nkhope za anthu, n'kukuwa kuti aliyense atuluke, zitseko zonse zitsegulidwe. Ine ndinali nditafika kale panja, mwana ali m'bulangete, ndili chiimire m'sinowo ndi masilipasi. Ozimitsa moto anabwera n'kuzimitsa fanesi. Amayi ndi mwana wanga anapita kuchipatala m'galimoto imodzi, onse ali ndi zopumira kumaso. Adokotala anati mwanayo tamupeza pa nthawi yake, koma sanandibisire kuti akanatha kungogona osadzukanso.

Lolemba lomwelo amisiri anafika. Amalume anawafona okha m'mamawa, osadikira kuti chisanu chithe. Ndinabwera kuchokera kuchipatala kudzatenga matewera ndipo ndinaima kutsidya kwa msewu kuonerera. Wina anakwera padenga ndi makwerero, wina anali kubesimenti. Anayamba agumula madothi otsalira, n'kuwatulutsa m'zidebe pamodzi ndi chisa chakale cha mbalame. Kenaka anatsitsa paipi yachitsulo ndi chingwe, chigawo ndi chigawo, akulumikiza chilichonse chisanalowe. Pansi anailumikiza ku fanesi n'kumata mipata ndi simenti, pamwamba anaivindikira ndi kachipewa koletsa mvula ndi mbalame. Pomaliza anayatsa kansanza pafupi ndi fanesi, ndipo utsi wake unathamangira m'paipi ngati waitanidwa. Pamene dzuwa linkapendeka anali atalongedza zida.

Ntchito ya tsiku limodzi. Ndinalira pamsewu pomwepo, osati chifukwa cha chisoni, koma mkwiyo. Mwana wanga anafooka milungu yonse ija, ine ndikunena, koma sizinakwane. Panafunika kuti agwe amayi a ku Oakville.

Onse atatuluka m'chipatala, amuna anga anati tipite tikathokoze. Anagula nkhuku yozizira ya m'sitolo, poti yamoyo ikanapezeka kuti? Ndinakana, anandichonderera, ndinapita. Tinapeza akuluakulu ena a mpingo ali pabalaza, abwera kudzaona amayi, ndipo onse ankayamikira amalume kuti achita changu kukonza nyumba ya ana. Ndinagwada pakapeti paja monga mwa mwambo, mwana ali m'manja.

Amalume analandira nkhuku, anapukusa mutu, n'kunena modekha: "Komatu ana inu, chinthu choopsa ngati chimenechi, bwanji osandiuza msanga?"

Amuna anga anaomba m'manja pang'onopang'ono, maso ali pansi. "Pepani amalume. Tinalakwa ndife."

Ndinakhalabe chogwada, mawu sindinakweze.

"Ndinakuuzani, amalume. Pafoni. Munati tidikire chisanu chithe."

Mkulu wina anayamba kuyang'ana mkati mwa kapu yake. Amuna anga anandigwira chigongono, ine ndinachichotsa. Ndinkadziwa kuti kuyambira tsiku limenelo ndidzakhala mkazi wopanda mwambo uja wa ku Etobicoke, ndipo zinaterodi, kwa zaka zambiri.

Amalume anakonza kukhosi kuti ayankhe. Nthawi yomweyo mwana anadzuka. Anakwinya nkhope, anakunga timanja, n'kutsegula kukamwa. Analira mokweza moti galu wa nyumba yoyandikana anayamba kuuwa.

"Mtontholetseni mwanayo," anatero amayi ali pasofa, atafunda bulangete. "Bambo akulankhula."

Sindinamugwedeze, bere sindinamupatse. Ndinamukweza bwinobwino kuti onse amuone.

"Musiyeni alire, amayi," ndinatero. "Wafatsa mokwanira."