Kompyuta Yokomoka pa Lisungwi

Chaka chimene ndinatsegula kashopu kotayipa makalata pa Lisungwi ndinali ndi kompyuta imodzi yokha, ya chibokosi chokhala pansi pa tebulo. Ndinaigula itagwirapo kale ntchito kwina. Ndinkatayipa makalata ofunsira ntchito, mapulogalamu a ukwati ndi mayeso a sukulu zapafupi.

Lachinayi lililonse kunkabwera bambo ena achikulire a ku Luwani. Anafika kuno nthawi ya nkhondo ya ku Mozambiki, ndipo anzawo atabwerera kwawo iwo anatsala chifukwa anali atakwatira konkuno. Ankafuna kuti mbiri yawo ilembedwe, zidzukulu zidzadziwe kumene anachokera. Ankakhala pampando n'kumayankhula atatsinzina, ine n'kumatayipa. Pofika mwezi wa Okutobala tinali pa tsamba la makumi anayi, koma m'nkhanimo anali asanaoloke malire.

M'mawa wa Lachinayi lina ndinadina batani loyatsira. Kompyuta inayaka monga mwa masiku onse, kenako sikirini yonse inasanduka yabuluu, yodzaza ndi timawu tachingelezi. Ndisanawerenge ngakhale mzere umodzi, inazima. Inadziyatsanso yokha, n'kusandukanso yabuluu, n'kuzimanso. Ndinaionerera ikuchita zimenezi mpaka kasanu ndi kawiri.

Bambo aja anafika, anavula chipewa n'kukhala pampando wawo. Nawonso anaonerera kanthawi.

"Kodi ikutani?" anandifunsa.

"Ikuyaka."

"Nanga apa?"

"Apa ikuzima."

"Zanga zija zili m'menemo, eti?"

"Zili m'menemo."

"Penanso?"

Penanso panalibe. Fulashi yosungiramo zolemba ndinali nayo, koma inali yodzaza ndi nyimbo za kwaya. Bambowo sanakalipe. Anangoika chipewa pabondo n'kumachisisita. M'masamba amenewo munali zinthu zimene anandiuza kuti ngakhale akazi awo sanawauzepo, monga za tsiku limene anasiya mayi awo pansi pa mtengo atalephera kuyenda. Ndinkadziwa kuti zimenezo sangazinenenso kachiwiri.

Telala wa khomo loyandikana nalo anasuzumira nati ndi dzuwa, makinawo atenthedwa. Anabwera ndi chikatoni n'kuyamba kuikupiza. Kompyuta inapitiriza kukomoka, koma tsopano ikupitidwa mphepo.

Ndinaganiza zoimbira msuweni wanga amene amakonza makompyuta ku Blantyre. Vuto linali loti m'shopu mwanga netiweki sinkagwira. Inkagwira pansi pa mlambe, tsidya lina la msewu. Ndinapita kumeneko.

"Akazi anga, mwandikumbukira lero?" anatero poyankha, monga amachitira asuweni.

"Chibwana pambuyo. Kompyuta ikungoyaka n'kuzima."

Anandiuza kuti ikamayaka ndizidina batani la F8 mobwerezabwereza. Ndinaoloka msewu, ndinadina mpaka chala chinawawa, sizinathandize. Ndinabwerera ku mlambe. Anati ndimuwerengere zimene ikulemba ikasanduka yabuluu. Ndinati sizichedwa kuzimiririka. Anati ndijambule ndi foni. Chithunzi choyamba chinatuluka nkhope yanga pa sikirini yakuda. Chachiwiri chinatuluka chikatoni cha telala. Chachitatu ndiye chinagwira mawuwo. Ndinaolokanso n'kumutchulira chilembo chimodzichimodzi.

"Ndi ramu imeneyo," anatero. "Muitsegule."

"Ine?"

"Nanga ndani? Muzule kaye chingwe cha magetsi. Mukatsegula mugwire chitsulo cha bokosilo musanakhudze china chilichonse. Muona timatabwa tiwiri tobiriwira, totalika ngati chala, tokhala ndi mano agolide. Mutitulutse, mupukute manowo ndi labala, labala yomweyi ya ana a sukulu, kenako mutibwezere."

"Nanga zolemba za anthu?"

"Sizikhala mmenemo. Zimakhala pena. Musakhudze penapo basi."

Sanandiuze kuti penapo ndi pati, ndipo foni inaduka.

Telala anandipatsa kasikuludilaiva ka makina ake osokera. Titachotsa chivundikiro tinapeza fumbi lokwanira kufesapo mbewu ya tomato. Pakona panali buluzi wouma gwa. Bambo a ku Luwani anaweramira kuti aone.

"Ameneyu ndiye amayendetsa?"

"Ayi, bambo."

"Chabwino, chifukwa wafa."

Fumbilo tinalichotsa ndi nthenga ya nkhuku. Timatabwa tija ndinatipeza, koma kamodzi kanandipulumuka n'kugwera pa chitenje changa. Ndinapukuta mano a tonse tiwiri ndi labala pang'onopang'ono mpaka anawala. Ndinatibwezera, ndinalumikiza chingwe, ndinadina batani. Kompyuta inalira katatu, pii pii pii, sikirini osaonetsa kanthu n'komwe. Poyamba inkayesako kuyaka. Tsopano inali itasiyiratu.

Telala anatenga chikatoni chake n'kubwerera kukasoka.

Ulendo wachinayi wa ku mlambe ndinayenda ngati wopita kukanena uthenga wa maliro. Msuweni anaseka mpaka kutsokomola.

"Simunakanikize! Mukuiopa. Mukanikize mpaka imveke kuti tha, mbali zonse ziwiri."

"Ikathyoka?"

"Ndidzakukwatirani, ndidzakugulirani ina."

Ndinabwerera. Ndinazula chingwe, ndinaika zala zonse ziwiri zazikulu pa kathabwa, ndinatsinzina n'kukanikiza. Tha. Kenako kachiwiri kaja, tha. Nditalumikiza chingwe n'kuyatsa, sikirini inawala. Ndinadikira kuti isanduke yabuluu. Sinasanduke. Timafoda tonse tinatulukira m'malo mwake ngati panalibe chimene chinachitika.

Ndinatsegula mbiri ya bambo aja n'kutsika nayo mpaka kumapeto. Masamba onse analipo. Ndinawauza. Anapuma mpweya wautali, anayang'ana kudenga, kenako anapukuta m'maso ndi chipewa nati fumbi lija lawalowa.

Sindinafune kuyesanso mwayi. Nthawi yomweyo ndinasindikiza masamba onse makumi anayi, ndinawamanga bwinobwino n'kuwapatsa m'manja. Anawalandira ndi manja awiri, anawayeza kulemera, n'kundipempha kuti ndiwawerengere pamene tinalekezera sabata yatha.

Ndinawerenga. Panali pamene ankanena kuti akuyandikira malire, iwo ndi mng'ono wawo anakumana ndi mkango pachitsime, ndipo anauthamangitsa ndi mpini wa khasu.

Anakweza dzanja kuti ndiime.

"Mwanawe, nthawi yonse imene makinawa amakomoka ndimaganiza za pamenepo," anatero. "Sunali mkango. Anali galu."

"Ndasindikiza kale, bambo."

"Anali wamkulu ndithu. Koma anali galu. Konzani."

Ndinafufuta mkango n'kulemba galu, ndinasindikizanso tsambalo. Kenako anatsinzina, ndipo tsiku limenelo tinaoloka malire.