Atatseka Chipinda cha Makompyuta ku Boma

Ndinkaphunzitsa pa sukulu ina ya ku Mburuma pamene ndinalembetsa digiri ya uphunzitsi pa yunivesite ina ya ku Lusaka, maphunziro aja ophunzira uli kwanu. Yunivesiteyo inali ndi kachipinda ka makompyuta ku Boma lathu la Luangwa, lomwe kale linkatchedwa Feira. Loweruka ndinkakwera thiraki ya malasha, n'kufika ndili bii, kukalemba ndi kutumiza ntchito zanga. Woyang'anira chipindacho anali bambo wina wofatsa, makolo ake ochokera kutsidya kwa mtsinje, ku Zumbo m'dziko la Mozambique. Pasiwedi ikakana ankaikonza tili pomwepo. Malaiti akathima ankaimbira aphunzitsi athu kuti atidikire.

M'chaka changa chomaliza tinamva kuti yunivesite yalemba mkulu watsopano wa zamakompyuta. Timaofesi ta m'maboma titsekedwa, ntchito yonse ikhala m'manja mwa ofesi imodzi ku Lusaka. Mkuluyo anabwera kudzatiuza yekha. Anavala suti, ndipo msonkhano wonse anangokhalira kupukuta thukuta m'khosi, poti dzuwa la Feira silidziwa mlendo.

"Manje zinthu zapepuka," anatero. "Yunivesite yonse ili mu foni yanu. Za maulendo zatha."

Mphunzitsi wina wachikulire, amene tinkakwera naye thiraki, anakweza dzanja. "Bwana, kwathu netiweki timaipeza pa chulu, nayonso ikafuna. Kuno kumtsinje foni imangothawira ku Mozambique. Tidzatani?"

"Za netiweki si za ofesi yathu, atate. Koma vuto lililonse mutilembere pa intaneti, tidzayankha."

Anatipatsa zakumwa zozizira. Tikumwa, antchito ake anali kulongedza makompyuta m'motoka. Bambo woyang'anira uja anawathandiza kukulunga mawaya. Anali atauzidwa m'mawa womwewo kuti udindo wake mulibe m'dongosolo latsopano. Lero amagula nsomba zouma kutsidya, n'kumagulitsa pa msika.

Mayeso oyamba a pa foni atayandikira, ndinakwera chulu cha kuseri kwa sukulu. Pasiwedi yanga inakana. Uthenga unati yatsopano aitumiza ku imelo ya yunivesite, koma imeloyo inkafuna pasiwedi yomweyo. Ndinafuna kulemba dandaulo monga anatiuzira. Nakonso anati ndiyambe ndalowa. Ndinaimba foni, kunayankha mawu ojambulidwa a mzimayi wondithokoza chifukwa cha kuleza mtima kwanga. Ndinaima pachulupo mpaka mbuzi zinandizolowera. Tsiku la mayeso linadutsa ndili panja.

Ndinapempha tchuthi kwa ahedi, ndinakwera basi ya ku Lusaka. Ku ofesi yatsopanoyo kunali kozizira, mipando yofewa. Mtsikana wa pa desiki anandikonzera pasiwedi mosachedwa, akutafuna chingamu. Nditafunsa za mayeso anati, "Madamu, izo ni za ku dipatimenti yanu." Ku dipatimenti anati kompyuta ikuonetsa kuti sindinalembe, ndipo iwo sangatsutsane nayo, ndibwerere kwa a zamakompyuta. Ndikuyenda pakati pa maofesi awiriwo ndinaona makompyuta athu ataunjikidwa pansi pa masitepe, fumbi lili mbuu. Ndinawazindikira ndi nsalu zophimbira zimene tinasoka tokha.

Mkulu uja ndinamupeza pakhomo akutuluka. Sanandikumbuke. Anandimvetsera akuyang'ana makiyi a motoka.

"Pepani, madamu. Pakusintha kulikonse, ena amatsalirako pang'ono. Chaka chamawa zidzakhala bwino."

Ndinabwereza chaka. Mphunzitsi wachikulire uja sanabwereze. Anati maondo ake atopa ndi chulu, ndipo anapuma ntchito ali ndi satifiketi yomwe anayamba nayo ali mnyamata. Pa gulu lathu lonse la ku Luangwa, ambiri anasiya chimodzimodzi, mwakachetechete, ndipo palibe anawaimbira kufunsa chifukwa. Ine ndinkapita ku Boma ndithu Loweruka lililonse, pa thiraki yomweyo, kukakhala pakhonde la sitolo ina, malo okhawo pomwe netiweki yathu imagwira, n'kumalemba ndime zazitali ndi chala chimodzi.

Tsiku lolandira digiri ndinapita ndi amayi anga. Anali asanafikepo ku Lusaka, ndipo anasoketsa chitenje chatsopano. Pakati pa mwambo, mkulu wa yunivesite anayamika ofesi ya zamakompyuta. Anati chifukwa cha dongosolo latsopano maphunziro afika ngakhale kumalo akutali ngati Luangwa, ndipo anapempha kuti wochokera kumeneko aimirire, anthu amuone.

Ine sindinafune kuimirira. Ndinakhalabe pampando. Koma kumbuyo, pa mipando ya makolo, ndinamva nthungululu, ndipo ndinaidziwa. Amayi anali ataimirira kale, akuloza kumene ndinali.

"Ndi wanga uyo! Nyamuka, mwanawe, akuone!"

Ndinanyamuka. Holo yonse inaomba m'manja, wojambula anathamangira kwa ine. Mkulu wa zamakompyuta anandigwedezera mutu ali kutsogolo, akumwetulira. Pobwerera m'basi amayi anafotokozera aliyense, mpaka kondakitala, kuti mwana wawo anatchulidwa pamaso pa akuluakulu. Sindinawatsutse. Chithunzi chija anachiika pa chikwangwani choitanira ophunzira atsopano, ndipo ndikumva kuti chidakalipo pa geti la yunivesite.