A Techera Akhalira Bokosi

A Wilmar Techera asamala mitengo pa esiteti pano kwa zaka makumi anayi, ndipo sindinawamvepo akunena kuti "kaya". Akati mvula igwa Lachinayi, iwe ukayanika zovala ndi zako zimenezo. Ine ndimagulitsa mikate yokazinga pachipata, ndipo m'mawa uliwonse timamwera chikho chimodzi cha yeriba, tiyi wathu wowawa uja. Iwo amathira madzi, ine ndimamwa mpaka nditanena zikomo, pakuti kuno ukabweza chikho ndi zikomo ndiye kuti wakwana, uli pa ulendo.

Eni esiteti atatsegula paki kuti anthu aziyendamo, kunabwera masewera osaka mabokosi. Wina amabisa bokosi m'phanga la mtengo kapena pansi pa mwala, n'kulemba malo ake pa intaneti, ndiye Lamlungu mabanja amabwera kudzalisaka ndi foni. Akalipeza amalemba mayina m'kakope ka m'katimo, amatenga kachidole n'kusiya kena. Mwezi woyamba a Techera anatola mabokosi onse khumi ndi awiri n'kukawataya kudzala, amvekere zinyalala. Atawafotokozera sanapepese. Anangowabwezera okha m'malo mwake, ndipo kuyambira pamenepo ndiwo amasintha timakope tikanyowa.

M'kakope momwemo ndi mmene anapeza dzina la mwana wawo. Yanina anachoka pano zaka zisanu ndi zinayi zapitazo, kutsatira mnyamata woyendetsa basi mu mzinda waukulu wa Montevideo. Bambo ake anamuuza kuti akadutsa pachipata asadzabwerenso, ndipo iye, poti magazi ndi omwewo, anamvera.

Lolemba lina anandiikira kakope patebulo. Munalembedwa kuti "Yanina ndi mwana wake Maite, wa zaka zisanu ndi ziwiri." Yaninayo ine ndinali nditamuona kale dzulo lake, atabisala m'chipewa ndi magalasi akuda, ndipo anandikodola kuti ndisaulule.

"Akabweranso mukamupatse moni," ndinatero. "Ndi mwana wanu."

"Ine? Anachoka ndani? Abwera yekha."

"Nanga akapanda kubwera?"

"Mayi Zulma, mabokosi alipo khumi ndi awiri. Akupeza awiri pa ulendo. Lomaliza lili pa mkungudza wa kuseri kwa nyumba yanga. Werengani nokha."

Anabweradi, Lamlungu lililonse. Ndipo Lamlungu lililonse bambo wamkulu wa imvi zake amabisala kuseri kwa mpanda wa maluwa, sizasi ili m'manja, akudula mphepo, maso ali pa mdzukulu amene anali asanamugwirepo dzanja. Zinkandipsetsa mtima. Mpanda umenewo unatsala pang'ono kuchita dazi.

M'bokosi lachikhumi Yanina analembamo kuti, "Atsala awiri, tikatero basi." A Techera anawerenga kawiri. Anati inki yake ndi yosakhalitsa, koma tsiku limenelo anaiwala kundithirira madzi. Tonse tinkadziwa kuti bokosi lomaliza likapezeka, Yanina sakhalanso ndi chifukwa chodutsira pachipata changa.

Lamlungu lomaliza a Techera anavala malaya osita. Anatenga kampando kawo, fulasiki ndi chikho, n'kukakhala pamwamba penipeni pa dzenje la pakati pa mizu ya mkungudza, mmene munali bokosilo. Ine ndinaphimba mikate ndi nsalu n'kutsatira. Ogula adikire.

Maite ndiye anayamba kufika, maso ali pa foni, akuwerenga mokweza. "Mamita asanu. Atatu. Imodzi." Anazungulira mtengo kawiri, kenako anaima pamaso pawo.

"Agogo, tadzukani pang'ono. Foni ikuti mwakhalira bokosi lathu."

"Ine sindidzuka tiyi asanathe," anatero a Techera. "Ndipo ndi wambiri. Kauze amayi ako adzandithandize."

Yanina anali ataima chapatali, pa udzu. Anavula magalasi.

"Bambo, mukuphwanya malamulo a masewera."

"Masewerawo ndi anu. Mtengowu ndi wanga. Ndinaudzala chaka chimene unabadwa."

"Munati ndisadzabwerenso."

"Ndinanenadi. Ndinanenanso kuti mabokosiwa ndi zinyalala."

Pa zaka zonse zimene ndawadziwa, pamenepo ndi pamene anayandikira kwambiri kupepesa. Anathira madzi m'chikho n'kutambasula mkono. Ine ndinachita mantha kuti Yanina atembenuka.

Anabwera pang'onopang'ono. Analandira chikho, n'kumwa ndi kampope kachitsulo komwera tiyiyo mpaka kanalira pansi. Pobweza, tonse tinatchera khutu, kudikira mawu amodzi aja, zikomo wotsanzika.

"Madzi ake apola, Bambo," anatero, n'kukhala pansi pa muzu.

"Nanga bokosi?" anafunsa Maite.

"Silithawa limenelo," anatero agogo ake, akuthiranso madzi, ena akutayikira pa nsapato.