Utoto wa Kunsi kwa Ndege

Ndege yanga inali ya lata la mafuta ophikira, limodzi mwa malata amene amayi anasenza pobwera kuchokera ku kampu ku Malawi nkhondo itatha. Mapiko ndinadula ndi mpeni wothyoka nsonga, mphuno ndinapindira pamwala, matayala ndinasema ku patapata wakale. Lata linandicheka chala chamkombaphala, chipsera chake ndili nacho mpaka lero. Aliyense woiona ankavomera kuti ndi ndege ndithu, ndege yankhondo. Chimene chinandisowetsa mtendere chaka chimenecho chinali utoto.

Inali nyengo yozizira, chimanga chili m'nkhokwe, mphepo ya ku Lifidzi ikung'amba milomo ndi zidendene. Ku sikola kwathu anyamata tinali magulu awiri: ife obwerera, ndi iwo amene makolo awo anatsala konkuno nkhondo yonse. Otsalawo ndiwo anali eni dambo, eni mpira, eni nkhani zonse zokoma. Mtsogoleri wawo anali mnyamata wamkulu kuposa tonse, tinkangomutcha Wamtali. Tsiku limene ndinapita ndi ndege yanga ili mbuu, zilembo za mafuta zikuonekabe papiko, iye anaigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa.

"Iwe wa ku Malawi, ndege unaionera kuti? Ku kampu munkaona akhwangwala basi. Ukaipaka utoto wake weniweni, uzibwera kudambo. Ukalephera, bwerera kwanu."

Kwanu! Mawu amenewo anandiwawa kuposa lata. Ndinabadwira ku Malawi, inde, koma manda a agogo anga anali kuseri kwa nyumba yathu komweko. Ndinalumbira kuti ndege imeneyo ifanana ndi yeniyeni, zivute zitani.

Ndinayambira kwa aprofesori, aphunzitsi athu. Anatsegula buku lawo n'kundionetsa chithunzi cha ndege, koma chithunzicho chinali chakuda ndi choyera chabe. Anaseka, nati m'buku mulibe thandizo, n'kundipatsa kachidutswa ka choko chobiriwira. Ndinapala chokocho, n'kusakaniza ndi madzi, n'kupaka. M'mawa mwake mame anali atatsuka zonse, ndege ili mbuu ngati kale. Ndinafuna kuiponya m'chimbudzi.

Kenako ndinakakamira atsibweni. Iwo ankagwira ganyu yopaka makoma ku misau, mishoni ya Fonte Boa, ndipo ankabwera madzulo panjinga manja ali waliwali ndi tinta, utoto wa makomawo. Ndinawalondola paliponse, kukhola, kumunda wa kachewere, ngakhale kubafa ndinkaima panja n'kumafunsa. Anthu inu, ndinali mwana wotopetsa! Mwana wanga atandichita zimenezo lero, sindikudziwa ngati ndingapirire. Potsiriza anagonja. Anati ndege zankhondo zija zinali zamawangamawanga, kubiriwira kwa masamba a kachewere akayamba kufota, kusakanizana ndi kufiirira kwa chulu. Anandibweretsera zotsalira za tinta m'zivindikiro, wobiriwira pang'ono ndi woyera pang'ono.

"Nanga kunsi kwake?" ndinafunsa.

"Kunsi? Mphwanga, ndege ikabwera munthu umagona chafufumimba, nkhope m'dothi. Kumwamba sikoyang'ana ayi."

Ndinasandutsa khonde lathu malo oyesera utoto. Wobiriwira uja unali wowala kwambiri, wa mazenera a tchalitchi, ndiye ndinauthira mwaye wa kudenga la khitchini. Unada mopitirira. Ndinaonjezera dothi la katondo losefa pansalu, unakhala bwinoko. Burashi yanga inali kamtengo kotafuna kunsonga, ndipo mkamwa monse munkanunkha tinta. Ndikakhala m'kalasi, maso ali pabolodi, mutu uli pa mawanga a phiko lamanzere. Chakudya ndinkadya choimirira. Ndikaona tsamba lofota panjira ndinkalitola n'kukaliyerekeza ndi ndege, kenako n'kupala zonse, kuyambanso.

Nditapita nayo kachiwiri, Wamtali anaitembenuza uku ndi uku. "Pamwamba wakhoza," anatero. Kenako anaigadabuza. "Kunsi wanama."

Ndinali nditapaka kobiriwira. Ndinakapaka kwakuda, anati ndanama. Ndinakapaka koyera, anati ndanama. Lero ndikaganiza, ndimakayika ngati iyeyo ankakumbukira bwinobwino, pakuti nayenso anali kamwana nthawi ya ndegezo. Mwina ankangodziwa chimene sichinali, osati chimene chinali. Koma nthawi imeneyo mawu ake anali lamulo, ndipo masana aliwonse ndinkamva phokoso la mpira kudambo ine ndili ndekha pakhonde ndi zivindikiro zanga.

Amayi sankaifuna ndege imeneyo. Za nkhondo sankakamba, ndipo ine sindinaganizepo zowafunsa. Akaipeza pakhomo ankailambalala n'kunena kuti, "Chotsa chinthu chakochi apa." Ankangotero basi.

Tsiku lina m'mawa anali kuchapa kuseri kwa nyumba, beseni la madzi a buluu wochapira lili pambali. Ine ndinali chapafupi, ndikupala kunsi kwa ndege kachinayi kapena kachisanu, misozi ikugwera palata, mamina ali chuchuchu. Sindinadziwe kuti akundiyang'ana. Ndinangomva akunena chapansipansi kuti, "Sikunali koyera chonchotu."

Anapukuta manja pachitenje n'kukhala pansi pafupi nane. Anatenga phale, n'kuthirapo tinta woyera amene anatsala, n'kudonthezera madzi a buluu uja. Anandituma phulusa. Anasakaniza ndi chala, n'kuima, n'kuyang'ana kumwamba nthawi yaitali, ngakhale kumwambako kunalibe kanthu. "Onjezera phulusa," anatero. Ndinaonjezera. "Basi, usapitirize." Utoto umene unatuluka sunali woyera, sunalinso wabuluu. Unali ngati thambo la m'mawa chifunga chikamachoka. Anapaka okha, pang'onopang'ono, kuyambira kumphuno mpaka kumchira. Atatha anatola kaudzu, n'kukaviika m'mwaye, n'kujambula timizere tiwiri takuda kuseri kwa mapiko.

"Apa pankayenderera mafuta," anatero.

Ndinawayang'ana ngati munthu amene ndamuona koyamba. Amayi anga, odziwa ndege kuposa atsibweni! Ndinawafunsa kuti anaiona bwanji kunsi pomwe anthu ankabisa nkhope m'dothi.

"Tinali m'munda wa nyemba. Anzanga onse anagona chafufumimba. Ine ndinagona chagada."

"Chifukwa chiyani?"

"Pita kasewere," anatero, n'kubwerera kubeseni lawo.

Sindinadikire kuti tinta aume bwino. Ndinathamanga mpaka kudambo nditainyamula m'mwamba kuti isakhudze malaya. Mpira unaima. Wamtali anaigadabuza monga mwa masiku onse, pakamwa atakonza kale mawu ake aja, koma sanawanene. Anayang'ana timizere takuda tija nthawi yaitali. Anzake anamuunjirira.

"Wakuuza ndani?"

"Amayi."

Anandibwezera ndegeyo ndi manja awiri. "Ukhale kumbuyo, uzitchinga," anatero, akuloza kugolo. Tsiku limenelo ndinasewera mpaka miyendo kulema, ndinagwa m'matope, ndinathyoka chikhadabo, ndipo palibe amene ananditchanso wa ku Malawi. Ndinali ndisanakondwepo chotero chibadwire.

Madzulo dzuwa lisanalowe ndinapeza atsibweni akupopa njinga pabwalo, amayi akupeta nyemba chapatali pang'ono. Ndinawafotokozera zonse mosapuma, mawu akupondana. Kenako ndinayamba kuseka. Ndinati alongo awo sadziwa kubisala, ndege ikubwera iwo n'kugona chagada m'munda ngati munthu wowothera dzuwa. Ndinagona pansi kuwaonetsa, miyendo m'mwamba, ndikudikira kuti nawonso aseke.

Atsibweni sanaseke. Anasiya pampu, n'kuyang'ana alongo awo. Lichero linali litaima m'manja mwa amayi.

"Mphwanga," anatero atsibweni, "kodi iwe unabadwa liti?"

Ndinayankha monyadira, chifukwa nkhani imeneyo ndinkaidziwa bwino: ku Malawi, amayi atangowoloka malire, nyemba zisanakhwime. Anagwedeza mutu n'kutolanso pampu yawo. Ine ndinadzuka, n'kusasa fumbi, ndikudabwa kuti munthu wamkulu angaiwale bwanji kubadwa kwa mphwake. Zoti mayi wapakati, mimba itatopa, sangagone chafufumimba ngakhale kumwamba kukugwa moto, ndinali ndisanazidziwe.