Nkhuku Imene Tinatengera Aphungu ku Laibulale

Chaka chimene ndinkakonzekera mayeso omaliza a kusekondale, kampani imene inabweretsa amayi kuno ku England inalandidwa chilolezo cholemba ntchito anthu akunja. Amayi amasamalira okalamba. Viza yawo inali yomangirira pa kampaniyo, yanga yomangirira pa yawo. Uthenga wa boma unali wachidule: akapanda kupeza bwana wina wovomerezeka m'masabata owerengeka, tibwerere kwathu. M'nyumba mwathu tilimo awiri basi. Bambo anamwalira ndili wakhanda.

Ine sindine woyankhulayankhula. M'kalasi aphunzitsi akandiloza, mawu amathawira m'mimba. Zambiri ndimauza buku langa, ndipo masiku amenewo ndinkalembamo za ndale kuposa za sukulu. Ndinkaonera pa tivi akuluakulu akukangana m'Nyumba ya Malamulo, atakhala moyang'anizana pa mabenchi obiriwira, mothithikana ngati m'minibasi. Chimene chinkandisangalatsa n'chakuti ngakhale mtsogoleri wa boma amaimirira n'kuyankha mafunso, ena akumukuwiza, ndipo tsiku limatha popanda womangidwa. Chimene chinkandipweteka n'chakuti akafika pa nkhani ya anthu obwera, ankatitchula ngati madzi osefukira. Mbali zonse zinkachita ngati zikupikisana kuti amenyetse chitseko mwamphamvu ndani. Ndinkayang'ana manja a amayi, ong'aluka ndi sopo wa kuntchito, n'kumadzifunsa ngati anthu amenewa anayamba aonapo manja otere.

Amayi anafunsira ntchito m'malo ambiri. Kwina ankati malo alipo koma za viza sachita nawo, kwina sankayankha n'komwe. Anasiya kuimba potsuka mbale. Ine ndinkawerengabe, koma sindinkadziwa ngati mayesowo ndidzawalembe.

Lamlungu lina titaweruka kutchalitchi, anti ena a ku Zambia, amene amagwiranso ntchito yosamalira okalamba, anakokera amayi pambali pa tebulo la tiyi.

"Imwe asisi, muyopa chani? Pitani kwa aphungu a dera lino. Loweruka amakhala ku laibulale, amaonana ndi aliyense."

"Ku laibulale?" anatero amayi. "Phungu wake wotani wokhala ku laibulale? Alibe nyumba ya mpanda?"

"Amabweranso pa basi, mwandi. Ndinakhalapo nawo mpando umodzi."

"Ndiye ngosauka amenewo. Atithandiza chiyani?"

Anti anaseka mpaka tiyi kutayikira m'sosala. Koma amayi sankaseka. Aphungu amene iwo amawadziwa amafika ndi mdipiti wa magalimoto, fumbi lili koboo, azimayi atavala nsalu za nkhope yawo akuvina. Ukafuna kuwaona umadikira pageti kuyambira m'mawa, n'kuyankhula kudzera mwa anthu awo. Komanso amayi ankaopa kuti mlendo akadandaula, dzina lake limalembedwa penapake. Anavomera pokhapokha masiku atayamba kuchepa. Uthenga wopempha nthawi ndinalemba ndine pa foni, poti kulemba sindiopa.

Lachisanu amayi anapita ku sitolo ya zakudya za kwathu n'kubwerako ndi nkhuku yolimba ija, yofanana ndi yachikuda, youma gwaa ndi chisanu cha mufiliji.

"Ya mawa imeneyi," anatero.

"Amayi, kuno satero," ndinayankha chapansipansi.

"Kuno ndi kuno, koma munthu wamkulu ndi wamkulu paliponse. Ukufuna tikaime pamaso pawo chimanjamanja ngati anthu osaleredwa? Kukanakhala kwathu ikanapita yamoyo."

Ndinkadziwa kuti akulakwitsa, koma ndinkadziwanso kuti nkhukuyo ndi chinthu chokhacho chimene chinkawapatsa mphamvu zopitira.

Loweruka kunacha ndi mvula yowaza ija yosatha. Tinakwera basi kudutsa mizere ya nyumba za njerwa zofiira zogundizana, amayi atafukata nkhuku yokulungidwa m'chitenje chawo chabwino. Ku laibulale anatikhazika pa mipando ya pulasitiki pafupi ndi mabuku a ana. Patsogolo pathu panali mayi wina wodandaula za nkhungu m'zipupa za nyumba yake, ndi bambo wina wonenepa amene anabwera ndi nkhani ya maenje a mumsewu. Bamboyo atalowa m'kachipinda, tinamumva akukalipa, mpaka kumenya tebulo. Amayi anandigwira bondo.

"Amugwira ameneyu," ananong'ona.

Koma patapita kanthawi anatuluka yekha, akumanga zipi ya jekete lake, n'kutsanzika mwansangala kwa mayi wa pa desiki. Amayi anamutsatira ndi maso mpaka pakhomo.

M'laibulalemo munkatentha chifukwa cha mapaipi otenthetsera m'nyumba. Nkhuku inayamba kuchita thukuta. Ndinaona dontho loyamba likugwera pa kapeti, ndipo ndinalipondapo ndi nsapato.

Nthawi yathu itakwana tinalowa. Aphunguwo anali bambo wamtali waimvi, atavala juzi yakutha m'zigongono. Ambulera yawo yonyowa inali pakona, tiyi wawo ali m'kapu ya pepala. Panalibe wapolisi, panalibe wowanyamulira chikwama. Anaimirira n'kutambasula dzanja kuti atipatse moni.

Amayi sanalione dzanjalo. Anagwada pansi, mutu atazolika, n'kukweza mtolo uja ndi manja awiri.

Aphungu anadzidzimuka. Ankaganiza kuti amayi akomoka. Anazungulira tebulo mwachangu n'kugwada nawonso, bondo lawo likulira kuti thyo.

"Mwatani, mayi? Mukumva kupweteka pati? Tiitane ambulansi?"

"Mayo ine," amayi anandiyang'ana ndi maso aakulu. "Iwe, auze adzuke! Akugwadiranji?"

Amayi Chingerezi amachidziwa bwino, amayankhula tsiku lonse kuntchito. Koma pamenepo chinawathawa chonse. Ndiye panatsala ine.

"Sakudwala," ndinatero, mawu akutuluka ochepa ngati a mbewa. "Ndi ulemu. Kwathu timatero kwa akuluakulu."

"Oo," anatero aphungu. Anaganiza pang'ono. "Nanga ine ndidzuka bwanji iwo ali pansi? Komanso, kunena zoona, bondo ili silindilola msanga."

Anakhala pansi pa kapeti, n'kutsamira mwendo wa tebulo. Amayi sakanakhala pampando munthu wamkulu ali pansi, ndiye nawonso anakhala, miyendo ataipinda kumbali. Ine ndinakhala pakati pawo.

Kenako amayi anamasula chitenje. Nkhuku inaonekera, yotuwa, miyendo ili m'mwamba, madzi akuyenderera m'pulasitiki. Aphungu anaiyang'ana nthawi yaitali. Sanaseke, ndipo mpaka lero ndimawathokoza chifukwa cha zimenezo.

"Mwandichitira ulemu waukulu," anatero mofatsa. "Koma sindingalandire. Ndikalandira, wobwera pambuyo panu wopanda kanthu adzayesa kuti nkhani yake ndi yopepuka. Ntchito imeneyi mumandilipira kale ndi msonkho umene amakudulani."

Ine ndinaona kuti mawuwo ndi abwino kwambiri. Ndinafuna kuwasunga m'mutu kuti ndikawalembe. Koma nditacheukira amayi, nkhope yawo inali itatsekeka ngati chitseko. Anayamba kukulunga nkhuku.

"Akana," anandiuza m'Chichewa. "Ndiye kuti nkhani yathunso aikana. Tiye tizipita, tisawatayitse nthawi."

"Amayi, sanatero."

"Ndati tiye."

Anali atayamba kale kudzuka. Nkhani ya viza tinali tisanaitchule n'komwe. Ndinaona bwinobwino kuti tikatuluka pakhomo limenelo sitibwereranso, ndipo chotsatira ndi kulongedza masutikesi. Aphungu ankatiyang'ana osamvetsa chimene alakwa. Onse awiri ankachita zoyenera monga anaphunzitsidwira, ndipo ine ndekha ndi amene ndinkamva mbali zonse.

Pamenepo ndinakumbukira kwa amalume ku Dedza. Kukabwera mlendo wolemekezeka ankamubweretsera nkhuku yamoyo. Mlendoyo sankaiika m'chikwama ayi. Ankaigwira, n'kuthokoza, kenako n'kuibweza kwa eni nyumba kuti ikaphikidwe.

"Bwana," ndinatero. Mawu anakana, ndinayambiranso. "Bwana, simukuyenera kupita nayo kwanu. Kwathu mlendo akapatsidwa nkhuku amangoigwira ndi manja awiri, n'kuthokoza, n'kuibweza kuti akaphike. Mukaikana osaigwira, amayi amva kuti mwakana iwowo. Ndiye sanena chimene tabwerera."

Sindinayambe ndayankhulapo mawu ambiri chotero kwa munthu wachilendo.

"Kungoigwira n'kuibweza?" anafunsa aphungu. "Zimenezo palibe lamulo loletsa." Anatambasula manja onse awiri kwa amayi. "Chonde, mayi."

Amayi anazengereza, kenako anaipereka. Madzi ozizira anatsikira m'mikono ya juzi ija, koma aphungu sanaitaye. Anandifunsa kuti anene chiyani, ndipo ndinawauza. Anayesa katatu konse lilime likupindika, mpaka anakwanitsa.

"Zikomo. Mukaphike."

Amayi anaphulika kuseka, atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Kanali koyamba kuwamva akuseka chibwerere uthenga uja. Analandira nkhuku yawo, n'kuiika pambali, ndipo Chingerezi chawo chinabwerera chonse. Anafotokoza za kampani, za mashifiti amene anayamba kuchepa isanatsekedwe, za malo onse amene anafunsirako, za mayeso anga. Aphungu ankalemba atatsamiritsa pepala pa bondo.

Atamaliza sanatilonjeze kumwamba.

"Lamulo sindingalisinthe Loweruka lino," anatero. "Ndipo ndisakunamizeni, ena mwa malamulo okhwimitsa zinthuwa ndinawavomereza nawo ine ndemwe. Anthu ambiri a dera lino amandiuza kuti obwera achuluka, ndipo nawonso ndimawaimira."

"Ndiye okalamba anuwa aziwasambitsa ndani?" anafunsa amayi.

Ndinachita mantha. Amayi omwe aja anagwada, tsopano ankawayang'ana m'maso.

"Funso limenelo ndilibe yankho lake labwino," anatero aphungu.

Chimene akanatha anatiuza momveka. Adzalembera ofesi yoona za anthu olowa m'dziko kuti nkhani ya amayi isangogona pa mulu. Komanso m'chigawo chathu muli anthu amene ntchito yawo ndi kulumikiza osamalira okalamba amene makampani awo atsekedwa ndi mabwana ena ovomerezeka. Ife sitinkadziwa n'komwe kuti alipo. Anati Lolemba adzawaimbira okha.

Pa kudzuka ndi pamene panali ntchito. Aphungu anagwira tebulo, bondo n'kukana. Amayi anaimirira, n'kuwauza ndi mawu awo a kuntchito aja kuti aponde phazi limodzi kaye, agwire mpando, asathamange.

"Pang'onopang'ono, bambo anga. Eya. Mwachita bwino."

"Mwaona?" aphungu anandiuza ataima. "Ndayamba kale kuwafuna amayi akowa."

Madzulo ake nkhuku inaphikidwa. Inatenga nthawi kuti ifewe, monga zimachitira nkhuku zolimba. Anti a ku Zambia anabwera kudzamva nkhani, ndipo amayi anapatula ntchafu imodzi m'mbale ina, akuti ndi ya aphungu. Anti anati poti eni ake kulibe, iwo ndi amene anatilozera njira, ndiye aidya m'malo mwawo. Anaidyadi, mpaka kuphwanya fupa.

Lolemba foni inalira: anali anthu olumikiza ndi mabwana aja. Sikuti zonse zinatheka tsiku lomwelo. Panali masabata a kudikira, amayi akudumpha foni ikangolira, ine ndikuwerenga mabuku sutikesi ili pamwamba pa wadiropu ikundiyang'ana. Kenako nyumba ina yosungira okalamba, yakutali mabasi awiri, inawaitana, n'kuwalemba. Viza yatsopano inatuluka. Mayeso ndinalemba, m'holo yozizira ya pasukulu pathu, ndipo amayi anayambiranso kuimba potsuka mbale.

Ndimaonerabe mikangano ya pa mabenchi obiriwira. Masiku ano akukamba zoonjezera zaka zimene anthu ngati ife tiyenera kudikira tisanaloledwe kukhazikika, ndipo ndikamva mtima umatsika. Sindiganiza kuti n'chilungamo kuitana munthu kuti adzanyamule makolo ako, kenako n'kumamusunthira mzere patsogolo akayandikira. Koma sindingathenso kunena kuti onse pamabenchipo sationa. Nthawi zina kamera ikadutsa kumbuyo ndimaona mutu waimvi uja, ndipo ndimakumbukira madzi a nkhuku akutsikira m'mikono mwawo. Dziko limene munthu wamkulu amadikirira anthu ku laibulale, n'kukalipiridwa za maenje, n'kuvomera pamaso pa mlendo kuti alibe yankho, lili ndi kanthu kena kamene ndimakasilira, ngakhale pa masiku amene likundiopseza.

Anti anatiuzanso kuti Amalawi okhala kuno movomerezeka amaloledwa kuvota. Amayi sanakhulupirire mpaka ataona dzina lawo litalowa m'kaundula. Ndinawafunsa ngati chisankho chikadzabwera adzavotere aphungu aja.

Anapukuta manja pa chitenje, n'kuganiza.

"Ndiona," anatero. "Nkhuku anaigwira bwino. Koma funso langa lija sanandiyankhebe."